Ndinkaimba Mlandu Wailesi, Chonsecho Wodwala Ndinali Ine

Chinayamba ndi kaphokoso. Kaphokoso kakang'ono ka siiii, ngati mvula ikugwa kutali pa munda wa eni ake. Munali mu Meyi chaka chatha, titangomaliza kukolola, m'mawa nditaswali subuhi, pemphero la m'bandakucha. Ndinakhala pakhonde wailesi ili pamiyendo monga mwa masiku onse, ndipo ndinati mumtima, lero kumwambaku sikunayere.

Ine ndine Abiti Jafali wa ku Ngokwe, mayi wa ana asanu, ndipo zidzukulu ndikamawerenga zala zimandithera. Kulemba ndaphunzira imvi zili mbuu, ku sukulu ya kwacha. Ndiye mukaona chilembo chikutsimphina musachiseke, chikafika ndithu kumene chikupita. Ndalembera anzanga a msinkhu wanga, ife amene thupi likatiitana timayamba taloza chala kwina.

Wailesi ndikunenayi si ya masiku ano iyayi. Anabwera nayo malemu amuna anga, Che Bwanali, pochokera ku migodi ya ku Joni, ine ndili ndi mwana woyamba kumsana. Ndi yakuda, yolemera ngati kamwana ka mbuzi. Ukakankhira kabatani kake mbali iyi umamva za kwathu konkuno. Ukakankhira mbali inayo, kumene amati ku shotiwevu, dziko lonse limabwera kudzakhala pa mkeka pako. Aswahili amabwera, Apwitikizi amabwera, Amwenye ndi nyimbo zawo zopyapyala amabwera, Aluya owerenga Kurani ndi mawu ozuna ngati uchi amabweranso. Zambiri zimene amanena sindizimva. Koma kodi mbalame ikamaimba umayamba wafunsa tanthauzo?

Che Bwanali ndiwo anandiphunzitsa kasakidwe kake. Waya wautali uchoke pa eriyo, ukwere pa nsungwi, ukamangidwe ku mtengo wa mango. Popotokola usathamange, uzipita pang'onopang'ono ngati ukuzula minga ku phazi la mwana. Mawu akutali sakhala malo amodzi. M'mawa ali apa, madzulo asamukira uko, ndipo amabwera n'kumachoka, kubwera n'kumachoka, pakati pake pali kusokosera. Amene sapirira kusokosera sangamve kanthu. Nyumba ya mawu iliyonse ndimaidziwira kanyimbo kake kotsegulira, ina mabelu, ina chitoliro, ina kulira kwa mbalame. Eni ake atatisiya, ine ndinapitiriza. Lachisanu lililonse masana, abambo akabwerako ku mzikiti, amayi anzanga amasonkhana pakhonde panga kuti ndiwasakire owerenga Kurani akutali aja. Amuna a ku nyanja ya Chiuta amavuula nsomba, ine ndimavuula mawu.

Aphunzitsi a ku kwacha anati tizilemba kanthu tsiku ndi tsiku kuti dzanja lisaiwale. Anzanga ankalemba mayina a ana awo. Ine ndinagula kope n'kumalembamo zimene ndagwira pa wailesi. Tsiku lakuti, m'mawa, mabelu, bwino. Tsiku lakuti, madzulo, Aswahili, pang'ono. Kuyambira Meyi uja mu kope munayamba kuchuluka liwu limodzi. Phokoso. Mawa lake, phokoso. Mkuja, phokoso kwambiri.

Ndinasintha mabatire, phokoso lili pompo. Ndinatsitsa waya n'kupala dzimbiri ndi mpeni, phokoso lili pompo. Kenako ndinakumbuka kuti anansi anga ali ndi sola yotchajira mafoni, ndipo zinthu zimenezo zimasokonezadi wailesi, zimenezo sindinaname. Ndinapita kukadandaula, mawu anga ali okwera ndithu. Anthu aulemu aja anazimitsa zonse tsiku lathunthu chifukwa cha nkhalamba. Phokoso lili pompo.

Mu Juni ndinaikulunga mu chitenje n'kuisenza mpaka ku msika, kwa Che Kasimu okonza mawailesi. Anaitsegula, anauzira fumbi, anapotokola pang'ono, n'kuika khutu.

"Amayi, wailesi iyi ili ndi moyo kuposa ine ndi inu," anatero.

"Simukulimva phokosolo?"

"Ine ndikumva Mswahili akuwerenga nkhani. Akuti kwawo kwagwa mvula."

Ndinanyamula katundu wanga n'kumapita, m'njira monse ndikung'ung'udza kuti amisiri a masiku ano ndi aulesi.

Nthawi yonseyi thupi linkanena zake, ine osalabada. Mutu unkandipweteka kunkhongo ndikangodzuka. Ndikawerama pa mjigo, podzuka dziko linkayamba lapendekeka. Masiku ena m'maso munkadutsa tinthu takuda ngati ntchentche. Ndinkati n'kuzizira, ndinkati n'kupuntha mpunga, ndinkati n'ukalamba. Lachisanu amayi anayamba kudandaula kuti ndikukweza wailesi mopitirira. Abiti Amini, mnzanga wa ku ubwana amene tinavinidwa limodzi, sabisa mawu.

"Mnzanga, makutu ako apuma pa ntchito. Wailesi ikubangula mpaka nkhuku zathawa, iwe ukuti sikumveka."

Ndinamuyankha kuti pakamwa pake ndi pamene pafunika kupuma. Koma iye yemweyo atandiuza zothira mafuta ophikira ofunda m'khutu ndinathira, ndipo ndinawonjeza nzeru yanga ya kutokosa ndi nthenga ya nkhuku. Khutu lakumanja linangoti gwa, ngati wina watsekapo ndi dongo.

Tsiku lodziwa choonadi linali mu Julayi, dzuwa lili paliwombo. Ndinali nditachotsa mabatire onse n'kuwayanika pa mwala kuti atenge mphamvu, monga timachitira. Ndinakhala pansi n'kumasankha mpunga mu lichero. Ndiye ndikumva siiii. Ndinadzuka kuti ndikazimitse wailesi. Ndikuyang'ana, wailesi ili kukamwa yasa kumbuyo, mulibe kanthu, mabatire ali ndandanda pa mwala. Ndinaima pomwepo. Ndinatseka makutu ndi zala, phokoso linakula. Linali m'mutu mwanga.

Apa ndiye pamene ndinalakwitsa zenizeni, ndipo ndikunena poyera. Ndinakhala masabata awiri osauza munthu. Ndinkaopa kugontha. Imfa sindinkaiganiza n'komwe, koma ndinkaona Lachisanu likubwera, amayi ali pakhonde, ine ndikupotokola osadziwa ngati ndagwira munthu kapena mphepo. Ndinkaopanso kuti ndikapita kuchipatala akanena kuti wailesi ndiyo yandiwononga, ana anga n'kundilanda. Ndiye ndinasunga matenda anga ngati mbewu.

Kumapeto kwa mwezi womwewo mphepo inagwetsa nsungwi ya waya. M'mawa mwake ndinati ndiidzutse ndekha. Ndinaikweza, ndinayang'ana kumwamba kuti ndione ngati waya wawongoka, basi mtengo wa mango unayamba kuzungulira. Magazi anatuluka m'mphuno. Miyendo inakana. Amene anandipeza ndili thasa pansi ndi Abiti Amini, akubwera kudzapempha moto. Iye ndiye anaitana njinga yamoto, iye ndiye anakhala kumbuyo kwanga n'kundigwira m'chiuno mpaka ku chipatala chathu chaching'ono.

Kumeneko anandikulunga kansalu pa mkono n'kupopa. Anayang'ana, anapopanso. Anasintha mkono, anapopanso kachitatu, kenako anaitana mnzawo kuti naye aone. Anati magazi anga akuthamanga kwambiri, matenda amene anthu amangoti bipi, ndipo sindibwerera kunyumba. Anandipatsa mankhwala, anandigoneka pa bedi, tinadikira galimoto ya odwala mpaka dzuwa litapendeka. Msewu ndi wautali ndipo ndi wa mabampu. Tinafika ku chipatala chachikulu ku Liwonde nyali zitayatsidwa. Mwana wanga wamkazi Asiyatu, amene anakwatiwa kwa Kalembo, anali atafika kale ndi beseni, mbale ndi zitenje, kudzandidikirira.

Ndinagona m'chipatala masiku asanu ndi limodzi. Moyo wa mmenemo uli ndi kayendedwe kake. Kusanache bwino anamwino amabwera ndi kansalu kaja, bedi ndi bedi. Kenako okolopa, odikirira odwala onse panja. Kenako phala. Kenako kudikira adokotala, ndipo kudikirako ndi ntchito yaikulu ya wodwala. Ananditenga magazi, anayeza mkodzo, anayeza shuga. Shuga anati ndilibe. Impso anati zikadali bwino. Mayi wa bedi loyandikana nane, wa ku Rivirivi, anabwera ndi matenda omwewa, koma iye dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zinali zitafa kale, ndipo pakamwa panapotoka. Mwana wake ankamumwetsa phala ndi supuni. Ndinkamuyang'ana n'kumagwedeza zala zanga pansi pa chofunda, chimodzichimodzi.

Tsiku lachiwiri adokotala, mayi wachitsikana wa magalasi, anafunsa kuti zinayamba liti. Asiyatu anayankha msanga kuti dzana, pamene ndinagwa. Ine ndinati iyayi, tamasula kamtolo kangako. Abiti Amini ponditolera zovala anali ataponyamo ndi kope lomwe, poganiza kuti ndi buku la kuchipatala. Ndinawapatsa adokotala. Anatsegula, anawerenga, n'kufunsa kuti mabelu ndiye chiyani. Ndinawalongosolera za wailesi, za waya ndi za nsungwi. Anabwerera masamba m'mbuyo mpaka pamene liwu lija linayambira, akuwerenga masiku ndi chala.

"Agogo, mwatilembera kale zonse," anatero akuseka. "Miyezi yatsala pang'ono kukwana itatu. Apa mwalembanso kuti simunamvere chifukwa cha mutu. Apanso mutu."

Kenako anasiya kuseka. Anati matenda amenewa nthawi zambiri sachenjeza, munthu amangogwa, ena kufa ziwalo, ena osadzukanso. Anati ine thupi linandichenjeza nthawi yaitali, ndipo ndinachita mwayi kuti ndinagwa pabwalo anthu akuyenda.

Asiyatu sanachedwe. "Adokotala, si chiwailesi chawocho? Tsiku lonse chili pa khutu."

Ndinayang'ana pakamwa pa adokotala ngati mmene umayang'anira mitambo mu Disembala.

"Wailesi sithamangitsa magazi," anatero. "Koma kuikweza kwambiri pafupi ndi khutu kumaononga. Azimvera motsitsa. Za phokosoli sindingalonjeze kuti litheratu. Tiyeni titsitse magazi kaye, tione ndi m'makutumo."

Tsiku lachitatu tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka masana kudikira oona makutu. Bambo woona makutuyo anaunika ndi katochi n'kufunsa chimene ndinalowetsamo. Ndinaulula za nthenga. Anapukusa mutu. Anati ndinakankhira phula la m'khutu mkati mpaka linauma ngati mwala, ndipo pang'ono ndikanaboola. Anandipatsa mankhwala odonthezera masiku atatu. Tsiku lotuluka anatsuka ndi madzi ofunda. Abale anga, khutu lakumanja linatseguka kuti phwaa. Ndinamva mateyala a kangolo ka mankhwala akulira kukhonde. Ndinamva supuni ikugunda kapu. Ndinamva Asiyatu akupuma. Ndinayamba kuimba pomwepo pa mpando, anamwino n'kumaseka kuti agogowa tawatsuka khutu kapena tawamwetsa thobwa. Lakumanzere linali likadali ndi siiii wake, koma Alihamudulilahi, theka la dziko linali litabwerera.

Sanandilole kupita ku Ngokwe. Asiyatu ananditengera kwawo kwa Kalembo, ndipo ndinakhalako mwezi ndi theka. Mwana ameneyu ndinam'bereka ndekha koma ndi msilikali. Mchere anaubisa. Nsomba zouma zamchere anaziletsa. Therere la soda analiletsa. Ndiwo zinkabwera zozizira mtima ngati zakwiya ndi munthu. M'mawa uliwonse ankaima patsogolo panga mpaka piritsi litatsika. Ndikatchula wailesi ankati, "Amayi, adokotala anena zawo, ine ndikunena zanga. Ikhale komweko."

Apongozi anga, amuna a Asiyatu, anandimvera chisoni. Tsiku lina anabwera ndi foni yawo, anakhala chapatali mwaulemu, n'kutuma mkazi wawo kuti andipatse. Anati zonse zimene ndimasaka zilimo, ungodina basi. Zoonadi, Aluya aja anawerenga bwinobwino, opanda kusokosera ngakhale pang'ono. Ndinathokoza kwambiri. Koma nsomba yogula pa msika ndi yowedza wekha sizikoma mofanana. Ndinabweza foni ija n'kumayang'ana kum'mawa, kumene kuli kwathu ndi wailesi yanga.

Masabata awiri aliwonse tinkapita kukayezetsa. Ulendo woyamba anati magazi atsika koma sanafike. Anawonjezera piritsi lina laling'ono. Limenelo linkandikodzetsa pafupipafupi, ndinawauza, anati ndi mmene limagwirira ntchito, ndizimwa m'mawa. Ulendo wachiwiri anati tsopano tikuyenda bwino. Mutu wa kunkhongo unasiya. Chizungulire chinasiya. Phokoso linkachepa mosaonetsera, ngati mmene madzi amaphwera pa dambo. Ine ndinali ndi muyeso wangawanga. Sabata ino ndamva nkhuku ya kwa anansi. Sabata inayo ndamva njinga ikubwera kumbuyo kwanga. Tsiku lina madzulo tikudya, udzudzu unadutsa pa khutu lakumanzere, ndipo ndinaumva, nyiii. Ndinaomba m'manja, osati kuupha iyayi, koma kuulandira. Asiyatu anati amayi ayamba misala. Ndinati mwanangu, amene wamva udzudzu angamvenso Mmwenye.

Pakati pa Sepitembala anandiperekeza kwathu. Tinafika Lachinayi. Wailesi ndinaipeza kwa Abiti Amini, ataifunditsa chitenje chake chatsopano ngati mlendo wolemekezeka. Anati sanaiyatse ngakhale kamodzi, amaopa kusokoneza anthu a mkatimo. Lachisanu masana amayi anabwera, ochuluka kuposa kale, ena kudzandiona, ena kudzaona ngati ndagonthadi. Nsungwi anandiletsa kuigwira. Anaidzutsa okha amayi anayi, akukangana, ine ndikulamula ndili pa mkeka. Asiyatu anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

Ndinaika mabatire atsopano. Ndinatsitsa mawu monga anandiuzira adokotala. Ndinakankha kabatani. Siiii.

Ndani akusokosera, wailesi kapena ine? Ndinazimitsa n'kumvetsera. Kunali kaphokoso kanga kakang'ono kumanzere, kofooka, kokhala pamodzimodzi. Ndinayatsanso. Ili linali lina, lalikulu, lokwera n'kumatsika, lokhala ndi timaphokoso tina mkati mwake. Ndinawasiyanitsa ngati mmene mayi amasiyanitsira kulira kwa mwana wake ndi kwa mwana wa mnzake. Ndiye ndinayamba kupotokola. Ndinadutsa Mpwitikizi. Ndinadutsa ng'oma za anthu osawadziwa. Ndinadutsa malo opanda kanthu, aatali. Kenako pansi penipeni pa kusokosera ndinamva kamawu kakang'ono ngati ulusi. Palibe wina anakamva. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, ndinapitanso kutsogolo pang'ono, ndinati Asiyatu, tagwira wayayo umukweze m'mwamba. Anandiyang'ana, anayang'ana amayi aja, n'kugwira. Mawu anatuluka poyera, owerenga Kurani, ochokera kutsidya kwa nyanja zamchere, kufika pakhonde la Abiti Jafali.

Amayi anafunda bwino mipango yawo n'kuweramitsa mitu. Ine misozi inali chuchuchu, pakamwa pali mwee. Asiyatu anaima choncho dzanja lili m'mwamba mpaka kuwerenga kunatha, ndipo atatsitsa anangoti, "Mabatire ndizikutumizirani ine. Koma mchere ayi."

Lero ndili bwino, ndili bwino zedi. Ndimalima, ndimatunga, ndimavina pa maukwati mpaka atsikana amandipatsa njira. Mapiritsi ndimamwa m'mawa uliwonse ndipo anandiuza kuti ndi a moyo wanga wonse, ngakhale tsiku limene ndikumva kukoma m'thupi. Pa Ramadani ndinakafunsa kaye kuchipatala za kamwedwe kake ndisanayambe kufunga, kusala kudya kwathu kuja, sindinaganize ndekha. Kaphokoso ka kumanzere sikanatheretu. Ndikatopa kamabwera, ndikapuma kamachepa, ndipo tinazolowerana. M'khutu simulowanso nthenga, kapena kamtengo ka machesi, kapena mafuta.

Anzanga, thupi likayamba zachilendo musachite miyezi itatu mukukangana ndi anansi ngati ine. Mutu wosatha, chizungulire, kulira kwa m'makutu, mdima m'maso, pitani akakuyezeni. Ngakhale musakumva kalikonse, pitani, pakuti matenda awa ambiri amawayenda mwakachetechete. Kansalu kaja sikaluma, kamangofinya pang'ono, ndipo sikatenga nthawi yoposa kusenda chinangwa chimodzi.

Woyamba amene ndinamukokera kumeneko anali Abiti Amini. Anakana masiku atatu, akuti iye sanadwalepo chibadwire. Atamupopa anapeza kuti nayenso magazi ake ali pa liwiro, asanagwe, asanamve mutu. Tsopano mwezi uliwonse timapita awiri, timabuku tathu m'manja, iye patsogolo ine pambuyo, tikukangana njira yonse kuti wakalamba kwambiri ndani. Iye amalankhula motsitsa dala kuti andiyese. Ndimamumva mawu onse, ndipo ndimamuyankha onse.